Kusintha dayodi pa mawaya a nyali za boti

Dayodi ndi kachipangizo kamagetsi kotalika sentimita imodzi kapena kucheperapo, kokhala ndi miyendo iwiri ya waya ndi mzere wotuwa kumapeto amodzi a thupi lake. Ntchito yake ndi imodzi: imalola moto wa batire kudutsa kupita mbali imodzi, n'kuukaniza kubwerera. Imagwira ngati mono wotchera mumtsinje, umene nsomba imalowa mosavuta koma potulukira osapaona. Pa boti la injini dayodi imabisala kuseri kwa swichi ya nyali, nthawi zina itakulungidwa m'tepi kapena m'kachubu kakuda, ndipo eni maboti ambiri amayamba kuidziwa tsiku limene yafa. Ikafa, nyali zimayamba kuuza anthu ena apamadzi zinthu zabodza, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya kachipangizo kotsika mtengo chotere ndi yofunika kuimvetsa bwino.

Nyali za boti zimalankhula. Malamulo a padziko lonse opewera kugundana kwa zombo, amene bungwe la International Maritime Organization linakhazikitsa mu 1972 ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1977, amati chombo choyenda usiku chionetse nyali yofiira kumanzere ndi yobiriwira kumanja. Iliyonse mwa ziwirizi imawala madigiri 112.5, kuyambira kutsogolo kwenikweni mpaka kupitirira pang'ono pambali. Nyali yoyera ya pamlongoti imawala madigiri 225 kutsogolo, ndipo ina yoyera ya kumbuyo imatseka madigiri 135 otsalawo. Boti la injini losakwana mamita 12 limaloledwa kuphatikiza nyali zoyera ziwirizo kukhala imodzi yowala mbali zonse. Boti loti laima ndi kuponya nangula limazimitsa yofiira ndi yobiriwira, n'kusiya yoyera yokha. Munthu akaona kufiira ndi kubiriwira pamodzi mumdima amadziwa kuti chombo chikubwera molunjika iye. Akaona choyera chokha amaganiza kuti chaima kapena chikumutalikira. Pa boti losakwana mamita 12 lija, nyali za m'mbali ziyenera kuoneka pa mtunda wa mailo imodzi ya panyanja ndipo yoyera pa mailo awiri, kuyambira dzuwa litalowa mpaka kutuluka.

Malamulo amenewa analembedwera nyanja zamchere ndi madzi olumikizana nazo. Pa nyanja ndi mitsinje ya m'kati mwa dziko, dziko lililonse limaika malamulo ake, ndipo Zambia ndi Malawi onse ali ndi lamulo lotchedwa Inland Waters Shipping Act. Tanthauzo la mitundu ya nyali n'lomwelo paliponse: sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda pa Nyanja ya Malawi kuyambira 1951, imaonetsa kufiira kumanzere ngati mmene lichitira boti laling'ono pa Kariba kapena pa Cahora Bassa. Pa nyanja zimenezi usiku pamakhala anthu ambiri. Asodzi a usipa ndi a kapenta amayatsa nyali zowala kwambiri zokopera nsomba, zimene sizinena kumene chombo chikulowera ndipo zimathobwa m'maso, moti woyendetsa boti wodutsa pakati pawo amadalira kwambiri kuti nyali zake zikunena zoona.

Ku Chifunda, m'boma la Chama ku Zambia, madzi ake ndi mtsinje wa Luangwa, umene umalekanitsa dera la Musalangu ndi nkhalango yotetezedwa ya North Luangwa. M'chilimwe mtsinje umaphwera, mchenga umaonekera, ndipo magalimoto amawoloka pa pantuni. Dzinja likafika misewu ya m'chigwa imasanduka matope, mtsinje umadzaza n'kumakokolola mitengo, ndipo ulendo wa pamadzi umakhala wofunika pomwe ndi woopsanso. Anthu a kumeneko sakonda kuyenda pamtsinje usiku chifukwa cha mvuu ndi ng'ona, komabe matenda ndi ngozi sizisankha nthawi, ndipo boti la injini limene lanyamuka madzulo likhoza kupezana ndi mdima lisanakocheze. Bwato lopalasa limangofunika tochi yoti liwalitse likamva injini. Boti la injini ndi limene liyenera kuoneka patali. Vuto la malo ngati amenewa ndi kutalika kwa sitolo: chipangizo chikafa, Chama, Lundazi ndi Mpika zonse zili kutali, ndipo nthawi ya mvula kuzifika n'kovuta. Mmisiri wa kumeneko ayenera kudziwa kupima yekha ndi kusankha yekha.

Chifukwa chimene dayodi imakhalira pa mawayawa n'chosavuta kuchitsata. Nyali yoyera imodzi ija ili ndi ntchito ziwiri: iyenera kuyaka pamodzi ndi za m'mbali boti likamayenda, ndipo iyenera kuyaka yokha boti likaima. Maboti ambiri ang'onoang'ono ali ndi swichi ya malo atatu: kuyenda, kuzimitsa, ndi kuima. Swichi yotsika mtengo ya mtunduwu ili ndi miyendo itatu kumbuyo. Wapakati umalandira moto kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi. Mwendo umodzi wa kumapeto umapita ku nyali za m'mbali, wina umapita ku yoyera. Zikasiyidwa choncho, yoyera siingayake poyenda. Wina akalumikiza miyendo iwiri ya kumapetoyo ndi waya wamba, nyali zonse zitatu ziziyaka kulikonse kumene swichi yaloza. Dayodi imaikidwa m'malo mwa waya wambayo. Swichi ikaloza poyenda, moto umapita ku nyali za m'mbali, wina n'kudutsa pa dayodi kukayatsa yoyera. Ikaloza poima, moto umafika ku yoyera, n'kupeza dayodi yatseka njira yopita ku zofiira ndi zobiriwira. Mzere wotuwa uja umasonyeza mbali imene moto umatulukira, choncho uyenera kuyang'ana ku waya wa nyali yoyera.

Dayodi imafa m'njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake. Ikaduka m'kati, moto sudutsanso mbali iliyonse: poyenda zofiira ndi zobiriwira zimayaka koma yoyera ili zii, pomwe swichi ikaloza poima yoyera yomweyo imayaka bwinobwino. Ikapsa n'kugwirana m'kati, imasanduka waya wamba: poyenda zonse zimaoneka bwino, koma poima zofiira ndi zobiriwira zimakana kuzima. Imfa yachiwiriyi ndi yonyenga kwambiri, chifukwa mwini boti amaona kuwala n'kumati zili bwino. Boti lake laima, koma likuuza aliyense kuti likuyenda, ndipo wobwera kutsogolo amayembekezera kuti limupatukira. Batirenso limatha msanga usiku umenewo. Pali chizindikiro chachitatu chimene chimabwera pambuyo pa kukonza kolakwika: yoyera sikuyaka poyenda, koma poima zikuyaka zonse zitatu. Pamenepo dayodi ndi yamoyo, yangoikidwa chozondoka.

Dayodi imanamiziridwa kawirikawiri. Yoyera ikakana kuyaka mbali zonse ziwiri za swichi, vuto lili pa babu, pa soketi ya patsinde la mlongoti, kapena pa waya wake wa mainasi. Nyali imodzi yokha ya m'mbali ikazima, dayodi ilibe mlandu, chifukwa moto wa nyali zimenezo sudutsa pa iyo. Zonse zikazima, woyamba kufunsidwa ndi fyuzi, kenako mitu ya batire ndi mwendo wapakati wa swichi. Chovuta kwambiri kuchizindikira ndi waya wa mainasi wodyeka. Nyali zingapo zikagawana waya mmodzi wobwerera ku batire ndipo wayayo wachita dzimbiri polumikizira, moto umafunafuna njira ina, n'kudutsa m'mababu ena chobwerera. Zotsatira zake zimafanana ndi za dayodi yogwirana, kungoti kuwala kumakhala kofooka, kongoti psuu ngati khala lozirala. Pa boti, malo onyowa ndi ogwedezeka nthawi zonse, mawaya amadwala kawirikawiri kuposa dayodi. Waya wa kopa wodwala amaoneka: akasendedwa, tingwe take timakhala takuda kapena tobiriwira m'malo mofiirira, ndipo timathothoka tikapindidwa. Mmisiri wanzeru amayamba wapala ndi kumangitsa zolumikizira zonse asanadule kalikonse.

Kupima dayodi kumafuna kuti mwendo wake umodzi uchotsedwe pa mawaya, apo ayi mababu amasokoneza zotsatira. Mita yopimira magetsi imakhala ndi malo a dayodi, pamene pajambulidwa kamuvi kogunda kamzere. Chingwe chofiira chikagwira mwendo wopanda mzere ndipo chakuda chikagwira wa kumzere, dayodi yamoyo ya silikoni imaonetsa pakati pa 0.5 ndi 0.7, zingwe zikasinthanitsidwa mita imaonetsa OL kapena 1, kutanthauza kuti njira yatsekeka. Ikaonetsa pafupi ndi ziro mbali zonse, yagwirana. Ikaonetsa OL mbali zonse, yaduka. Kumene kulibe mita, batire ndi babu laling'ono la mavoti 12 zimakwanira. Dayodi imaikidwa pa mzere umodzi ndi babulo: liyenera kuyaka mbali imodzi ndi kuzima dayodi ikatembenuzidwa. Babu lisasowepo pa kupimaku. Dayodi yolumikizidwa yokha pa mitu iwiri ya batire ikhoza kupsa nthawi yomweyo, ndipo imatha kuphulika m'manja.

Posankha yatsopano, funso loyamba ndi la kuchuluka kwa moto umene nyali yoyera imakoka, popeza ndi wokhawo umene umadutsa pa dayodi. Mawati a babu akagawidwa ndi mavoti a batire amapereka maampu. Babu la mawati 10 pa mavoti 12 limakoka ampu 0.83, la mawati 25 limakoka kupitirira pang'ono maampu awiri. Madayodi a nambala zoyambira 1N4001 mpaka 1N4007, amene ndi osavuta kupeza, amasenza ampu imodzi yokha. Pa babu la mawati 10 amakhala atatsala pang'ono kufika pamalire, ndipo pa la mawati 25 amatentha mpaka kufa. Kuwonjezera apo, babu lozizira limakoka moto wochuluka kangapo pa kamphindi koyamba likamayatsidwa, ndipo injini ikamatchaja batire mavoti amakwera kufika cha pa 14. Ndi bwino kusankha dayodi yosenza kawiri kapena katatu kuposa zimene masamu anena. A nambala 1N5400 mpaka 1N5408 amasenza maampu atatu, ndipo 6A10 imasenza asanu ndi limodzi. Za mavoti obwerera sizidetsa nkhawa pa boti la mavoti 12, popeza ngakhale 1N5400, yotsikitsitsa m'gulu lake, imapirira mavoti 50. Nyali za LED zapeputsa nkhaniyi, chifukwa zimakoka kagawo kochepa ka moto umene babu lakale limafuna.

Dayodi imadya pang'ono pa moto umene ikudutsitsa, ndipo mfundo imeneyi imaiwalika kwambiri. Ya silikoni imachotsa pafupifupi voti 0.7, ndipo moto ukachuluka imayandikira voti yathunthu. Bungwe la American Boat and Yacht Council, limene miyezo yake amisiri a maboti m'maiko ambiri amatsatira, limati pa nyali zoyendera mavoti otayika m'mawaya asapitirire 3 pa 100 alionse, kutanthauza voti 0.36 pa batire la mavoti 12. Dayodi ya silikoni payokha imataya kawiri kuposa pamenepo. Kuwala kwa babu lakale kumatsika msanga kuposa mavoti, moti voti 0.7 ikatayika, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kuwala limapita nayo. Choipa chake n'chakuti kutayikaku kumachitika boti likuyenda, nthawi imene kuoneka patali kuli kofunika koposa. Dayodi ya mtundu wa Schottky, yotchedwa dzina la katswiri wa sayansi Walter Schottky, imataya pang'ono, cha pa voti 0.3 mpaka 0.5. Ya nambala 1N5822 imasenza maampu atatu ndi kupirira mavoti 40, ndipo pa ntchito imeneyi ndi yabwino kuposa ya silikoni wamba. Chilema chake n'chakuti ikatentha imadontheza timoto pang'ono chobwerera, timene nthawi zina timakwanira kuyatsa nyali za LED mozimiririka.

Kwa mmisiri wa ku Chifunda, funso lalikulu ndi kumene angaipeze dayodiyo. Yankho nthawi zambiri lili m'zinthu zakufa za pakhomo. M'matchaja akale a foni, m'mawailesi ndi m'mababu ena osunga magetsi mumapezeka timadayodi takuda ta ampu imodzi, timene tingathandize pa nyali ya LED koma tisaikidwe pa babu lalikulu. Zabwino koposa zili kuseri kwa sola. Kabokosi kakuda ka kumbuyo kwa sola yaikulu kakatsegulidwa, m'kati mumaoneka madayodi awiri kapena atatu onenepa, ambiri a mtundu wa Schottky, osenza maampu 10 kapena kuposerapo. Sola yosweka galasi, imene mwini wake anaitaya kuseri kwa nyumba, ikhoza kukhala ndi madayodi amoyo. Yochotsedwa kwina iliyonse ipimidwe isanaikidwe, ndipo nambala ya pathupi pake iwerengedwe. Ndi bwino kupewa timadayodi tagalasi tofiirira tating'onoting'ono: tina timasenza moto wochepa kwambiri, tina ndi ta mtundu wa zener, topangidwa dala kuti tizidutsitsa moto chobwerera mavoti akafika pa mlingo wina. Kulumikiza madayodi awiri ang'onoang'ono mbali ndi mbali poganiza kuti agawana katundu n'kosadalirika, chifukwa imodzi imasenza wambiri, n'kutentha, n'kufa, ndipo inzake imatsatira.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kuchotsa waya wa mainasi pa batire. Thanki la petulo litalikitsidwe kapena lichotsedwe m'boti, chifukwa mpweya wa petulo ndi wolemera, umakhala pansi pa boti, ndipo kamoto kakang'ono kamauyatsa. Asanadule dayodi yakale, mmisiri aone kumene mzere wake wayang'ana ndipo aike chizindikiro pa waya wa nyali yoyera. Chithunzi cha pafoni chimathandiza. Waya adulidwe mpaka pamene kopa akuoneka wowala. Kachubu kofinyika ndi moto kalowetsedwe pa waya asanalumikize, popeza pambuyo pake sikalowanso. Mwendo wa dayodi upindidwe ngati mbedza n'kukolana ndi waya, kapena ufinyidwe m'cholumikizira chachitsulo, kuti mfundoyo igwire payokha mtovu usanathiridwe. Mtovu wokha sulimba pa chinthu chogwedezeka, ndipo waya amakonda kuthyokera pamene mtovu wathera. Popinda, mwendo ugwidwe ndi pulayala pafupi ndi thupi la dayodi kuti lisang'aluke, ndipo pulayala yomweyo ikhalepo powotcherera kuti imwe kutentha. Masekondi atatu kapena anayi ndi okwanira. Kumene kulibe magetsi, chitsulo chowotcherera chotenthetsedwa pa mbaula, kumtunda kutali ndi boti, chimagwira ntchito bwino. Mtovu ukhale wa amisiri a mawailesi, wokhala ndi utomoni m'kati. Asidi amene okhoma ndowa amagwiritsa ntchito amadya kopa pang'onopang'ono, ndipo pakapita miyezi mfundo imaduka yokha.

Kutseka mfundo n'kofunika mofanana ndi kuilumikiza. Kachubu kabwino ndi kokhala ndi guluu m'kati, kamene kakatenthedwa kamatulutsa guluuyo m'mapeto n'kutsekereza chinyontho. Tepi wakuda yekha amamatuka ndi kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo madzi akalowa pansi pake satulukanso. Miyendo ya dayodi isadulidwe kufupi kwambiri, popeza ndi imene imachotsa kutentha m'thupi lake, ndipo thupilo lisakutidwe ndi tepi wochuluka ngati nyali ili ya babu lalikulu. Pomaliza dayodi imangiriridwe ku mtolo wa mawaya mbali zonse ziwiri, pamalo okwera pamene madzi a pansi pa boti safika, kuti kugwedezeka kwa injini kusathyole miyendo yake.

Dayodi siifa popanda chifukwa, ndipo yatsopano idzafanso ngati chifukwacho chatsala. Kawirikawiri wina anaika babu lalikulu kuposa loyamba, kapena anawonjezera nyali ina kapena potchajira foni pa waya wa nyali yoyera. Nthawi zina waya anakhuzuka n'kuchita shoti, ndipo fyuzi inali yaikulu kwambiri kapena inalowedwa m'malo ndi kawaya kapena pepala lonyezimira, moti dayodi ndi imene inapsa m'malo mwa fyuzi. Chizolowezi chomanga fyuzi ndi waya n'choopsa pa galimoto, ndipo pa boti, pamene munthu alibe kothawira, n'choopsa kowirikiza. Fyuzi ikhale ya mlingo wongopitirira pang'ono moto wa nyali zonse zitatu pamodzi.

Pali njira yothetsera nkhani yonseyi. Swichi ya malo atatu yokhala ndi miyendo isanu ndi umodzi ili ngati maswichi awiri m'thupi limodzi. Miyendo iwiri yapakati imalandira moto. Mbali imodzi imayatsa nyali za m'mbali poyenda pokha; mbali inayo, miyendo yake iwiri ya kumapeto italumikizidwa pamodzi, imayatsa yoyera poyenda ndi poima pomwe. Mbali ziwirizi sizikhudzana, choncho dayodi siifunika, moto sutayika, ndipo palibe chotentha kuseri kwa bolodi. Maswichi awiri osiyana, ina ya yoyera ina ya za m'mbali, amagwiranso ntchito, kungoti amadalira woyendetsa kukumbukira kuyatsa onse awiri. Kwa boti lokhala kutali ndi sitolo, swichi ya miyendo isanu ndi umodzi ndi yoyenera kuigula ulendo wotsatira wa ku boma, ndipo dayodi ikhale yopulumutsira pakali pano.

Kaya pasinthidwa dayodi kapena swichi, ntchito imatha ndi kuyesa, ndipo kuyesa koona kumachitika madzulo munthu wina ataima patali pagombe, kutsogolo kwenikweni kwa boti. Swichi ikaloza poyenda aone zitatu: kufiira kumanzere kwa boti, kubiriwira kumanja kwake, ndi yoyera pamwamba. Ikaloza poima aone yoyera yokha, popanda ngakhale kuwala kozimiririka m'mbali. Nyali zisiyidwe zikuyaka kwa mphindi khumi swichi italoza poyenda ndipo injini ikulira, kenako dayodi igwidwe ndi zala: kufunda n'kwabwinobwino, koma ikamawotcha ndiye kuti yachepa ndipo iyenera kusinthidwa ndi yaikulu boti lisanachoke padooko.